Woyimba woyima payekha: nyimbo imabadwa bwanji, ndipo mwini wake ndani?

Mu May 2025, woyimba wa ku America Taylor Swift analengeza kuti wagula zimbale zake zisanu ndi chimodzi zoyambirira. Ambiri amene anamva nkhaniyi anagwira pakamwa. Munthu angagule bwanji nyimbo zimene anapeka yekha n'kuziyimba ndi mawu ake? Funso lomweli limabweranso tikaona woyimba amene nyimbo yake ikulira pa foni iliyonse, koma iye akudandaula kuti m'thumba muli gwa. Palinso mawu amene afala masiku ano, akuti woyimba wakutiwakuti ndi "independent", kapena mwachidule "indie". Ena amaganiza kuti ndi woyimba amene sanatchuke, ena amayesa kuti ndi mtundu wa mayimbidwe. Zonsezi zimamveka bwino tikaitsatira nyimbo imodzi, kuyambira pamene ikung'ung'udza m'mutu mwa woipeka mpaka pamene yayamba kubweretsa ndalama.

Kuyima payekha n'kutani?

Kwa zaka zambiri, woyimba wofuna kumveka kutali ankafunika kampani yojambula ndi kugulitsa nyimbo, imene oyimba amaitcha label. Masiku ano zikuluzikulu ndi zitatu: Universal Music Group, Sony Music ndi Warner Music Group, ndipo iliyonse ili ndi timakampani tambirimbiri pansi pake. Kampani yotere imalipira situdiyo, imalengeza nyimbo, imaifikitsa ku wailesi ndi kumsika, ndipo nthawi zambiri imapatsa woyimba ndalama zoyambira zotchedwa advance. Ndalamazi si mphatso. Kampani imazibweza yokha podula pa gawo la woyimba, ndipo iye salandira kanthu pa malonda a chimbale mpaka ndalama zonse zitabwerera. Posinthana ndi zonsezi, kampani imakhala mwini wa zojambulidwazo.

Woyimba woyima payekha ndi amene sanalowe mgwirizano wotere. Amadzilipirira, amadzisankhira, ndipo zojambulidwa zimakhala zake. Mawuwa amagwiritsidwanso ntchito ponena za oyimba a m'timakampani ting'onoting'ono tosakhala pansi pa zitatu zija, choncho mukamva kuti wina ndi indie, ndi bwino kufunsa kuti zojambulidwa zake mwini wake ndani. Kutchuka sikulowapo. Mu 2017 woyimba wa ku America Chance the Rapper anapata mphoto zitatu za Grammy asanasaine ndi kampani iliyonse ya mtunduwu.

Njira imeneyi inatseguka pang'onopang'ono. Mu 1979 kampani ya TEAC inatulutsa Portastudio, kachipangizo kojambulira mawu ndi zida m'mizere inayi yosiyana pa kaseti wamba, ndipo anthu anayamba kujambula m'zipinda zawo. Kenako kunabwera mapulogalamu a pa kompyuta monga FL Studio, Ableton Live ndi Logic Pro, ndi ena aulere monga Audacity ndi BandLab. Mu 1998 kampani ya CD Baby inayamba kugulitsa pa intaneti zimbale za oyimba opanda kampani. Zipata ziwiri zimene makampani ankalondera, chojambulira ndi chofikira kwa omvera, zinatseguka.

Kumene nyimbo imayambira

Anthu ambiri amaganiza kuti wopeka nyimbo amakhala pansi, cholembera m'manja, n'kulemba kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Kawirikawiri nyimbo imabwera m'zidutswa. Kachuni kamadza munthu ali pa njira kapena akuchapa, ndipo popeza kamathawa msanga ngati loto la m'bandakucha, amatulutsa foni n'kukajambula pomwepo. M'foni ya wopeka nyimbo mumapezeka tizidutswa mazanamazana ta masekondi khumi kapena makumi awiri: kung'ung'udza, kuwomba m'manja, mzere umodzi wopanda mnzake. Tambiri sitidzakhala nyimbo. Tina timagona chaka chathunthu mpaka kachidutswa kena katabwera kudzatidzutsa.

Pali makomo atatu olowera. Ena amayamba ndi mawu, ngati wolemba ndakatulo, kenako n'kuwafunira chuni. Ena amayamba ndi chuni pa gitala kapena kiyibodi, akubwereza ma chord, ndiko kuti manotsi atatu kapena kuposerapo olizidwa pamodzi. Nyimbo zambiri zotchuka zimayenda pa ma chord atatu kapena anayi okha. Ena amayamba ndi biti, kugunda kwa ng'oma ndi besi kumene pulodyusa wakonza kale, ndipo woyimba amafufuza poti mawu ake akhale.

Amene ayamba ndi chuni amachita chinthu chimene chimadabwitsa wongoonerera. Amayimba maphokoso opanda tanthauzo, "na na ye, lo lo ma", mobwerezabwereza. Si masewera. Akufufuza kuti chunicho chikufuna maphatikizo angati, liwu litalike pati, pakamwa patseguke pati. Noti yaitali yapamwamba imayimbika bwino pa "a" kapena "o" kusiyana ndi pa "i", chifukwa kukhosi kumakhala kotseguka. Mawu enieni akamabwera amayenera kulowa m'chikombole chimenechi. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga "ko" mu "chikondi". Chuni chikakoka "ndi" n'kusiya "ko", khutu la womvera limadziwa kuti china chake chapindika ngakhale sangathe kufotokoza. Chilankhulo chilichonse chili ndi malamulo ake otere, ndipo wopeka waluso amatha kutaya mzere wa tanthauzo labwino chifukwa choti sukukhala pa chuni.

Ndiye pamabwera nkhani ya zoti anene. Pano m'pamene ndimaona kuti luso lenileni lagona. Tiyerekeze kuti woyimba akufuna kunena za munthu amene anachoka. Mzere woyamba kubwera m'mutu umakhala wakuti "ndakusowa kwambiri". Ndi woona, koma aliyense anaunenapo kale, ndipo womvera amaudutsa osaumva. Wopeka amafunsanso: kusowako ndimakuona pati? Mwina yankho n'lakuti "mpando wako sindinausunthe". Mzere wachiwiriwu sunatchule kusowa, koma womvera waona chipinda, waona mpando, wakumbuka wake amene anapita. Ntchito yaikulu yopeka nyimbo ndi kuchoka pa mzere woyamba uja kukafika pa wachiwiri, ndipo ulendowu ungatenge mphindi zisanu kapena miyezi itatu.

Zidutswa zikachuluka zimafunika kumangidwa. Ndime zimafotokoza nkhani ndipo mawu ake amasintha. Kolasi imabwerezedwa, ndipo ndiyo imanyamula mfundo yaikulu. Nyimbo zina zili ndi mlatho, kachigawo kobwera kamodzi kokha chakumapeto, kamene kamasintha chuni kapena kuyang'ana nkhaniyo kuchokera mbali ina, kuti kolasi ikabweranso imveke yatsopano. Palinso hook, kutanthauza mbedza: kachidutswa kamene kamakola m'mutu n'kukana kuchoka. Kangakhale mawu atatu, kangakhale kalizidwe ka gitala.

Woyimba akaona kuti nyimbo yaima, amajambula demo, ndiko kujambula koyeserera, kwa mawu ndi chida chimodzi. Kenako amaisiya masiku angapo. Chimene chinkamveka chokoma usiku chimatha kumveka chozizira m'mawa, ndipo khutu lopumula ndilo limanena zoona. M'kampani yaikulu mumakhala munthu wolembedwa ntchito yomvera nyimbo za woyimba n'kumuuza kuti iyi ilowe, iyi ibwerere. Woyima payekha alibe munthu wotere. Ufulu wake uli pomwepo, chifukwa palibe womuletsa kuyimba za mutu wosagulitsa kapena kutalikitsa nyimbo mpaka mphindi zisanu ndi ziwiri. Vuto lake lilinso pomwepo, chifukwa abale ndi abwenzi amayamikira chilichonse. N'chifukwa chake ambiri amayesa nyimbo yatsopano pa kagulu kochepa ka anthu osawadziwa. Sawafunsa maganizo. Amangoyang'ana pamene anthu ayamba kucheza kapena kutulutsa mafoni, n'kudziwa kuti ndime yachiwiri yatalika.

Kuchoka m'chipinda kupita m'makutu a anthu

Kujambula kwa masiku ano kumachitika mzere ndi mzere: ng'oma pazokha, besi payokha, gitala, mawu otsogolera, mawu othandizira. Woyimba amatha kuyimba ndime imodzi kakhumi, n'kusankha mzere wabwino pa ulendo uliwonse n'kuilumikiza. Chipinda chimene akujambuliramo chimasintha mawu kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Makoma osalala amabweza mawu, ndipo n'chifukwa chake oyimba ojambulira kunyumba amapachika mabulangeti kapena kuyimbira pakati pa zovala.

Pakatha apo pamabwera mixing, kulinganiza mizere yonse ija kuti mawu asamizidwe ndi ng'oma, besi isalimbane ndi gitala. Pomaliza pali mastering, kusalaza nyimbo yonse kuti imveke bwino pa sipika yaikulu, m'galimoto ndi pa kafoni kakang'ono. Oyimba ambiri amene amachita zonse okha amalolera kulipira munthu wina pa magawo awiriwa, chifukwa khutu limene lamva nyimbo kambirimbiri silimvanso zolakwika.

Nyimbo imodzi, katundu muwiri

Tsopano tibwerere kwa Taylor Swift. Pamaso pa malamulo, chimene timachitcha nyimbo ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi chopekedwa: mawu ndi chuni. Chachiwiri ndi chojambulidwa, chimene amachitcha master: mawu enieni aja amene analowa mu maikolofoni tsiku lakutilakuti. Chopekedwa chili ngati pulani ya nyumba, chojambulidwa ndi nyumba yomangidwa. Pulani imodzi ingamangitse nyumba khumi, ndipo mwini nyumba sakhala mwini pulani. Pa chikuto cha chimbale mumaona zizindikiro ziwiri: © ndi ℗. Chachiwiricho chimanena za mwini wa chojambulidwa.

Swift anali wopeka wa nyimbo zake, koma ma master a zimbale zoyamba anali a kampani imene anasaina nayo ali wamng'ono. Kampaniyo itagulitsidwa mu 2019, ma master anapita nayo. Popeza pulani inali yake, iye anamanganso nyumba: kuyambira 2021 anatulutsa zina mwa zimbalezo atazijambulanso. Chimene anagula mu 2025 ndi nyumba zoyambirira zija. Woyima payekha amene amapeka yekha amagwira zonse ziwiri kuyambira tsiku loyamba, ndipo tanthauzo lenileni la kuyima payekha ndi limeneli.

M'mayiko amene anasaina pangano la ku Berne loteteza umwini wa zopekedwa, limene linayamba mu 1886, umwini wa chopekedwa sudikira kalata ya boma, umabwera ndi kupeka komweko. Umakhalapo moyo wonse wa wopeka ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ambiri anaonjezera kufika 70. Koma umwini umagulitsika, ndipo cholembera chimodzi chingautaye. Mu 1939, ku Johannesburg, Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo yotchedwa "Mbube". Umwini unapita ku kampani ya Gallo pa ndalama zochepa kwambiri. Chuni chake chinawoloka nyanja n'kukhala "The Lion Sleeps Tonight", chinapanga chuma chambiri, koma Linda anamwalira wosauka mu 1962. Ana ake anadzapeza mgwirizano wolandira gawo mu 2006, nkhani itafika kukhoti. Nkhaniyi imandikhudza nthawi zonse, chifukwa kachidutswa kamene dziko lonse limayimba kanatuluka pakamwa pa munthu mmodzi ataima pa maikolofoni.

Apa m'pamene kupeka ndi umwini zimakumana. Nyimbo zambiri sizipekedwa ndi munthu mmodzi. Mnzake anaponyapo mzere wa kolasi, pulodyusa anabweretsa kachuni ka kiyibodi kamene kanadzakhala mbedza ya nyimbo yonse. Tsiku limenelo aliyense amakhala wosangalala ndipo kukamba za magawo kumaoneka ngati kusakhulupirirana. Nyimbo ikadzatchuka, aliyense amakumbukira mosiyana. Mankhwala ake ndi kapepala kotchedwa split sheet, kolembapo mayina a onse amene apeka ndi gawo la aliyense pa 100, kosainidwa asanabalalike.

Biti yogula pa intaneti nayonso ili ndi msampha wake. Yambiri imagulitsidwa mobwereketsa: pulodyusa amakhalabe mwini, angathe kuibwereketsanso kwa oyimba ena ambiri, ndipo chilolezo chimakhala ndi malire a nthawi kapena a kuchuluka kwa omvera. Kuigula kuti ikhale ya munthu mmodzi kumadula kwambiri, ndipo ngakhale pamenepo pulodyusa kawirikawiri amasunga gawo lake pa chopekedwa. Kudula kachidutswa ka nyimbo ya wina n'kukaika mu yanu, kumene amati sample, kumafuna zilolezo ziwiri, cha mwini chojambulidwa ndi cha mwini chopekedwa. Zimene ena amanena, zoti masekondi ochepa alibe mlandu, si lamulo.

Ndalama zimayenda bwanji

Woyimba payekha sangaike nyimbo mwachindunji pa misika ya nyimbo ya pa intaneti monga Spotify kapena Apple Music. Amadzera kwa wofalitsa, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, amene amalipiritsa pachaka kapena kudula gawo la zolowa, koma satenga umwini. Chojambulidwa chilichonse chimalandira nambala yake ya zilembo ndi manambala 12 yotchedwa ISRC, imene imathandiza kuchizindikira kulikonse kumene chalizidwa.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti palibe mtengo wokhazikika wa kumvera kamodzi. Spotify imaika ndalama za olembetsa ndi za otsatsa malonda m'thumba limodzi la dziko lililonse pa mwezi, imatenga gawo lake, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu amapita kwa eni nyimbo. Thumbalo limagawidwa potengera kuti pa kumvera konse kwa mweziwo, nyimbo zanu zinatenga gawo lanji. Choncho ndalama imene womvera wanu wokhulupirika walipira siibwera kwa inu nokha, imagawidwa kwa onse, ndipo otchuka kwambiri amatenga zochuluka. Kumvera kochokera kudziko kumene olembetsa amalipira zochepa kumabweretsanso zochepa. Kumvera kumawerengedwa munthu akafika masekondi 30. Ndipo kuyambira 2024, chojambulidwa chimene sichinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 yapitayo sichilandira kanthu kuchokera m'thumba la zojambulidwa. Spotify inati cholinga n'chakuti tindalama tating'ono timene tinkangothera m'njira tipite kwa oyimba amene akukhalira nyimbo. Otsutsa amati lamuloli limalanda kwa ang'ono n'kupatsa akulu.

Zimenezi ndi za chojambulidwa. Chopekedwa chili ndi mtsinje wake wa ndalama, ndipo oyimba atsopano ambiri amausiya ukungodutsa. Nyimbo ikalizidwa pa wailesi, pa kanema, m'hotela kapena pa siteji, wopeka amayenera kulandira gawo. Mwambo umenewu unayambira ku Paris mu 1847, pamene wopeka nyimbo Ernest Bourget anasumira eni malo ena achisangalalo, ponena kuti akuyimbitsa nyimbo zake osamulipira. Khoti linamuikira kumbuyo, ndipo mu 1851 kunabadwa SACEM, bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo. Ena anatsatira: PRS ku Britain ndi ASCAP ku America mu 1914, SAMRO ku South Africa mu 1961. Mayiko ambiri ali ndi bungwe lotere, ndipo mabungwewa amatolerana ndalama. Koma salipira munthu amene sanalembetse dzina lake ndi nyimbo zake. Wofalitsa uja, pokhapokha mutamulipira padera kuti achite zimenezi, amangotolera za chojambulidwa.

Kwa oyimba ambiri oyima paokha, ndalama zochokera kwa omvera pa intaneti sizikwana kukhalira. Amalumikiza timitsinje tambiri: kuyimba pa siteji, kugulitsa malaya ndi zimbale pakhomo la holo, kuphunzitsa zida, kuyimbira anzawo mu situdiyo, kupekera ena. Pa Bandcamp, msika wina wa pa intaneti, womvera amagula nyimbo mwachindunji ndipo kampani imadula 15 peresenti, kotero munthu mmodzi wogula chimbale amaposa kumvera kochuluka kwambiri kwa pa Spotify. Nyimbo ikalowa mu filimu kapena m'malonda a pa kanema, ndalama zake zimatha kuposa za chaka chonse, ndipo apa woyima payekha ali ndi mwayi: opanga mafilimu amakonda nyimbo imene zilolezo zonse ziwiri angazipeze kwa munthu mmodzi.

Katundu wa tsiku ndi tsiku

Ntchito zonse zimene kampani ikanagawira anthu khumi zimagwera pa mutu umodzi. Woyimba yemweyo ndiye akonze chikuto, alembe makalata ofunsa malo oyimbira, ajambule timavidiyo, awerengere ndalama, atumize nyimbo kwa akonzi a mindandanda ya nyimbo zomvera pa Spotify masiku osachepera asanu ndi awiri isanatuluke. Tsiku lililonse nyimbo zatsopano pafupifupi 100,000 zimakwezedwa pa misika ya pa intaneti. Kutulutsa nyimbo n'kosavuta tsopano, chovuta ndi kumveka. Ambiri amagwira ntchito ina masana n'kumapeka usiku, ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malo oyimbira, anaona mmene moyo wodalira siteji ungagwere m'sabata imodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti zofuna za msika zimalowa mpaka m'chipinda chopekera. Lamulo la masekondi 30 limakankha oyimba kuti adule mawu oyamba a zida n'kufulumiza kolasi. TikTok imakonda kachidutswa kakafupi, ndipo ena amayamba kupeka kachidutswako, nyimbo yonse n'kubwera pambuyo. Manambala amene woyimba amaona pa foni amamuuza nyimbo imene anthu anaidumpha ndi imene anaisunga. Ena amawatenga ngati mphunzitsi wabwino. Ena amati akawayang'ana kwambiri amayamba kupeka mwamantha, ndipo mzere uja wa mpando wosasunthidwa, umene umafuna nthawi ndi bata, sufikanso. Munthu angathe kukhala wopanda bwana koma n'kumayimbira manambala.

Izi sizikutanthauza kuti njira ina ndiyo yolondola. Kampani yaikulu ili ndi ndalama, anthu ndi makomo amene munthu mmodzi sangatsegule, ndipo oyimba ena amasangalala kusiya zonsezo m'manja mwa ena kuti iwo azingoyimba. Mtengo wake ndi umwini, ndipo m'migwirizano ina, yotchedwa 360, kampani imatenganso gawo pa zoyimba pa siteji ndi pa malaya. Pakati pa mbali ziwirizi pali njira zina zimene zachuluka m'zaka zaposachedwa. Woyimba amene wadzipezera kale omvera angalembe ntchito kampani kuti ingomufalitsira ndi kumulengezera pa gawo lochepa, kapena angaibwereketse ma master kwa zaka zowerengeka zolembedwa mu mgwirizano, ndipo zakazo zikatha zojambulidwa zimabwerera kwa iye.